Webusaiti ikakana, werengani kaye zomwe yalemba

Ife a maphunziro a humanities tili ndi chizolowezi chimodzi chomwe sichindisangalatsa. Webusaiti yomwe tikukhazikitsa ikangoonetsa uthenga wa vuto, timatseka laputopu n'kuyamba kusakasaka mnzathu wa computer science. Ena amangogwa ulesi n'kubwerera ku Facebook. Chonsecho ndife anthu amene timatha sabata yathunthu tikukangana za tanthauzo la ndime imodzi ya buku. Uthenga wa vuto nawonso ndi chiganizo, ndipo kawirikawiri umanena poyera pomwe palakwika.

Shared hosting ili ngati nyumba za mdadada: seva imodzi, alendi ambirimbiri, mpopi umodzi. N'chifukwa chake imatchipa, komanso n'chifukwa chake landilodi amaika malire pa memory yomwe aliyense angagwiritse ntchito. Inu mumapatsidwa cPanel ndi foda yotchedwa public_html. Chipinda chanu n'chimenecho, ndipo mavuto ambiri a tsiku loyamba amakhala m'chipindamo, osati kwa landilodi.

Tengani uthenga uja umaopseza anthu ambiri pa WordPress, wakuti "Error establishing a database connection". WordPress imasunga zolemba zanu mu database ya MySQL, ndipo kuti ilowemo imayang'ana zinthu zinayi mu fayilo ya wp-config.php: dzina la database, dzina la user, pasiwedi ndi host, yomwe m'makampani ambiri imangokhala localhost. Chimodzi chikalakwika, chitseko sichitseguka. Msampha uli apa: cPanel imaika dzina la akaunti yanu kutsogolo kwa dzina lomwe mwasankha. Mukatchula database yanu kuti nkhani, dzina lake lenileni limakhala ngati akaunti_nkhani. Komanso kupanga database ndi kupanga user sikokwanira. Muyenera kumulumikiza user uja ku database n'kumupatsa chilolezo chonse. Ndi ntchito ya mphindi zisanu, koma pali anthu amene amalipira ndalama ya ndiwo ya sabata yonse kuti wina awachitire.

Tsamba likangoyera mbuu, kapena likalemba 500 Internal Server Error, dzifunseni chomwe mwaika komaliza. Nthawi zambiri ndi plugin. Lowani mu File Manager, mupite ku wp-content, musinthe dzina la foda ya plugins kwakanthawi. Webusaiti ikadzuka, wolakwa ali m'fodamo, ndipo mukhoza kumawabwezera mmodzimmodzi mpaka mutamugwira. Ikapanda kudzuka, chitani chimodzimodzi ndi fayilo ya .htaccess, kenako mukasindikize Save pa Permalinks kuti WordPress ilembe yatsopano. Ndipo wina akakuuzani kuti ikani ma permission pa 777 kuti zinthu ziyende, mukaneni. Kumeneko n'kugona chitseko chili pululu pa mdadada. Mafoda amafuna 755, mafayilo 644.

Mavuto ena mankhwala ake ndi kudikira basi. Mukasintha ma nameserver, domain ikhoza kutenga mpaka maola 48 kuti iyambe kuloza ku seva yatsopano kulikonse. Musafufute chilichonse panthawiyi, mungotha bandulo pachabe. Chenjezo la "Not secure" nalo lisakugulitseni satifiketi yodula, pakuti ya Let's Encrypt ndi yaulere ndipo makampani ambiri amaipereka.

Wina anganene kuti zonsezi n'zotayitsa nthawi, munthu wolemba azingolemba, zamawaya azisiyire eni ake. Ndikumva, ndipo sindikuti tonse tisanduke ma programmer. Koma taonani zomwe timapereka tikapempha thandizo tisanayese n'komwe. Timapereka pasiwedi ya cPanel. Nthawi zina mnzathuyo ndiye amalembetsa domain m'dzina lake ndi imelo yake, poti ndi amene ali ndi khadi lolipirira m'madola. Akamaliza sukulu, akapita ku Joni, kapena mukangoyambana, chaka chikatha domain ija imafa muli chipenyere, pamodzi ndi adiresi yomwe munalemba pa CV. Ndipo ndalamazo si zamasewera. Makampani ambiri amatchipitsa chaka choyamba n'kukweza mtengo pokonzanso, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira m'madola akudziwa ululu wake. Mnzanu akulipirireni ngati kuli kofunika, koma akauntiyo ikhale pa imelo yanu.

Zikakanika ndithu, lemberani a support a kampaniyo, poti mumawalipira. Koma musangolemba kuti webusaiti yanga sikugwira. Koperani uthengawo liwu ndi liwu, tchulani nthawi yomwe vuto layamba ndi chomwe munasintha komaliza, ndipo muphatikizepo mizere yomaliza ya fayilo ya error_log ngati ilipo mu public_html.