Za Mwambo Wakubisa Pakati

Ndiri ndi mlandu ndi mwambo wina wa kwathu, ndipo ndifuna kuunena poyera. Mkazi akaima, timphunzitsa kukhala cete kufikira mimba itaoneka yokha pansi pa nsaru. Ati akaulula msanga, anthu a kaduka adzaimanga. Ati wa mimba yoyamba ayambe walangizidwa cisamba, pamenepo ndipo anthu adziwe. Koma ine nditi, kukhala cete kumeneku kwatitayitsa ana ambiri koposa mfiti zonse timaziopazo.

Sindinena nkhambakamwa ai. Mkazi wa mphunzitsi mnzanga anabisa pakati miyezi isanu, pomvera apongozi ace. Malungo anamgwira, mwazi unacepa m'thupi mwace, ndipo pofika naye ku cipatala anapita padera. Pamudzi anati, Acita ndi anthu. Ha! Nanga udzudzu umene unamlumawo unatumidwa ndi yani?

Zizindikilo zoyamba siziri zobisika kwa mwini thupi. Mwezi upita wosasamba. Mawere alemera nawawa. Mseru umgwira, makamaka m'mamawa. Atopa wosagwira nchito, akodza kawiri-kawiri, ndipo ndiwo zimene anazikonda kale zimnunkhira. Cimodzi pa cokha sicitsimikiza kanthu, pakuti nthenda zina zicita comweco. Koma namwino ayesa mkodzo, nauza mkazi zoona tsiku lomwelo.

Wina adzati, Kufulumira nkwa ciani, popeza mwana abadwa pa miyezi isanu ndi inai? Tamverani. Akulu anati m'mera mpoyamba. Msana ndi ubongo wa mwana ziyamba kuumbika m'mwezi woyamba, ndico cifukwa cace mapiritsi a folic acid afunika msanga, ngakhale mkazi asanaime. Ku sikelo apatsa mapiritsi oonjezera mwazi ndi neti yocinga udzudzu, ndipo kuyambira sabata la 13 apatsa mankhwala a SP oletsa malungo. Ayesa kuthamanga kwa mwazi. Ayesanso cindoko, cimene cipha ana m'mimba, cinkana cicizika ndi jekeseni. Kuyambira caka ca 2011 dziko la Malawi lipatsa ma ARV kwa mkazi ali yense wapakati wopezeka ndi kacirombo ka HIV, kuti mwana abadwe wopanda kacirombo. M'caka ca 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti wapakati aonane ndi acipatala kasanu ndi katatu, ndi kuti ulendo woyamba ucitike asanapitirire masabata 12. Iye wakudza mwezi wacisanu ndi cimodzi wafika kumunda anzace atapalira kale.

Ndipo ciripo coopsya cina. Nthawi zina mimba ikhala m'njira ya mazira, osati m'cibaliro. Mkazi amene wapitiriza mwezi, naona mwazi, kapena kupweteka kwakukuru mbali imodzi ya cinena, kapena cizungulire, athamange naye ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Pakuti njirayo ikaphulika angafe msanga. Nanga wobisa adzauza yani?

Sinditonza anamkungwi athu ai. Malangizo ao a ulemu ndi udongo ali abwino, ndipo cisamba cicitike pa nthawi yace. Amene afuna kubisira anzace a ku citsime abise. Namwino sali mnzace wa ku citsime, ndipo nchito yace imlamulira kusunga cinsinsi.

Tsono inu amuna anzanga, mlandu uwu uli wanunso. Musati, Izi nza akazi. Mkazi wanu akakunong'onezani kuti mwezi wapita, funani njinga, mumperekeze, nimuyezetse mwazi pamodzi naye. Ndi inu amai, apongozi, amene mau anu alemera pabanja: munthu woyamba kunena kuti, Mwananga, tiye ku sikelo, akhale inu.