Bwana wa pa Migowi ndi mmphawi ku Namiwawa

Pa 14 June 1993 ndinapirira dzuwa pamzere kuno ku Migowi kuti ndivotere nyali. Ndinkakhulupirira kuti matipate akabwera, phompho la pakati pa olemera ndi osauka likwiririka. Lero ndikufunsa: lakwiririka pati?

Ophunzira athu amakonda kukamba za anthu apakatikati, osalemera komanso osasauka. Ku Namiwawa kapena ku Area 47, wapakatikati ndi wagalimoto, nyumba yampanda ndi ana pasukulu yolipira. Pano pa Migowi wapakatikati ndine, mphunzitsi wa pulaimale wanjinga yakapalasa ndi nyumba yamalata. Kumudzi amanditcha bwana, koma malipiro angawa akudyetsa makomo atatu, ndipo mwezi usanafike pakati ndimakhala ndagwada kale kwa akatapira. Ubwana wanji umenewu?

Andale amati nkhaniyi ndi ya zigawo, ati votera wakwanu udye nawo. Bodza lamkunkhuniza! Chigawo chakummwera chatulutsa a Bakili Muluzi, a Bingu wa Mutharika, mayi Joyce Banda ndi a Peter Mutharika. Komabe kafukufuku wa boma wa 2016/17 anapeza kuti ku Phalombe anthu oposa 80 mwa 100 alionse anali osauka, pamene m'mizinda sankafika 20. Mlimi wa kuno ndi wa ku Chitipa ndi pachibale paumphawi. Mabwana a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu nawonso ndi pachibale pambale.

Sindikukana, chipatala chachikulu anatimangira pano pa Migowi. Koma chipatala sichigula nandolo. Mu 2017, dziko la India litachepetsa kugula nandolo wakunja, mtengo unagwa ndipo alimi anangopereka kwa mavenda misozi ili m'masaya. Mlimi akalira, wagolosale, telala ndi kalipentala amaliranso, pakuti kasitomala wawo ndi yemweyo. Ndiye apakatikati amera bwanji? Napolo wa 1991 ndi namondwe Freddy wa 2023 anakokolola minda yathu. Kugwa kwa kwacha mu November 2023 kunakokolola zotsalazo.

Inu aphungu ndi nduna, sitikupempha zitenje ndi makobiri a pamsonkhano. Tikufuna msika wodalirika ndi mafakitale oyenga mpendadzuwa konkuno, kuti ana athu aleke kuthawira ku Joni. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ife amene tinakukwezani tanyowa, ndipo voti idakali m'manja mwathu.