Amene mumati umakanika ndi wa olephera sukulu, munaphwasulapo injini?

Sabata yatha mesho wanga atalandira zotsatira za mayeso, anaponya pepala pabedi n'kunena kuti, "Basi amwene, ine sukulu yandikana, ndingokakhala makanika." Tonse m'chipindamo tinafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka nawo, ndipo mpaka lero zikundichititsa manyazi, chifukwa fizi yomwe ikundisunga pano inadutsa m'manja mwa makanika.

Bambo anga ali ndi minibasi imodzi, Toyota Hiace ya dizilo, ya injini ya 5L. Ikayenda, kunyumba moto umayaka ndipo ine ndimalembetsa maphunziro. Ikaima, zonse zimaima. Tchuthi chapitachi injini inayamba kugogoda ngati munthu akumenya chitsulo ndi hamala, ndipo dalaivala anangoimba foni kuti yanoka. Chowawa n'chakuti panali patangotha miyezi isanu ndi itatu chiipangireni ovaholo.

Poti ndalama yolipira wothandiza inalibe, bambo anandipereka kugalaja kuti ndizikatsuka zitsulo. Ndinakhalako masabata awiri ndi bambo wina wachikulire amene aliyense amangowaitana kuti madala. Ndinapita ndi mtima woti mwana wa kuyunivesite akukathandiza anthu osaphunzira. Tsiku loyamba lomwe ndinazindikira kuti mbuli pamalopo ndinali ine.

Madala sanathamangire sipanala. Anayamba ndi mafunso. Inkatulutsa utsi wamtundu wanji? Wabuluu umatanthauza kuti injini ikuwotcha oyilo, wakuda ndiye kuti dizilo sakupsa bwino, woyera wosatha nthawi zambiri ndi madzi amene alowa mu silinda. Inabwatapo? Nyali ya oyilo inayamba liti kuphethira? Kenaka anakhutula oyilo m'beseni n'kumuyang'ana padzuwa. Munali tizidutswa tonyezimira. "Mwaona mphwanga? Mabeyaring'i ake ndi amenewa, agayika." Anali asanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Kuphwasulako nako kuli ndi malamulo. Mabawuti a hedi samasulidwa chisawawa, amayambira m'mbali kulowa pakati, pang'onopang'ono, kuti hedi isapindike. Pisitoni iliyonse ankailemba nambala n'kuiika pakatoni motsatira silinda yomwe yachokera. Zivundikiro zogwira kiranki nazo zili ndi malo ake ndi mbali yoyang'ana. Mukasinthanitsa ziwiri, kiranki imauma kapena kudya beyaring'i yatsopano. Tsiku lina ndinasakaniza zitsulo ziwiri potsuka. Madala sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Kusukulu kwanuko masamba a buku mumawasakaniza chonchi?"

Ndiye panabwera kuyeza. Pakati pa kiranki ndi beyaring'i pamayenera kutsala kampata kochepa kwambiri, kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, kopyapyala kuposa tsitsi la m'mutu mwanu. M'kampata kameneko ndi momwe oyilo amadutsa kuti chitsulo chisakhudzane ndi chinzake. Kakakula, mphamvu ya oyilo imatsika ndipo injini imagogoda. Kakachepa, zitsulo zimatentha n'kumatana. Diso silingaone kusiyana kumeneku, n'chifukwa chake pali kachipangizo kotchedwa maikoromita. Madala atayeza anapeza kuti kiranki yathu sinalinso yozungulira bwino. Inayenera kukagayidwa kumakina ndi 0.25 mm, n'kugula mabeyaring'i ogwirizana ndi muyezo watsopanowo. Pomanga, mipata ya maring'i anaisemphanitsa kuti mpweya usapeze njira yothawira, ndipo mabawuti a hedi anawamanga kuchokera pakati kupita m'mbali ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati ya "bola yalimba".

Tsono ndifunseni inu anzanga a mabuku: kodi izi si zomwe timadzitama nazo? M'kalasi ya mbiri amatiuza kuti tisakhulupirire nkhani tisanaone umboni, tifunse kuti wanena ndani, tisiyanitse chizindikiro ndi gwero la vuto. Madala amachita zomwezo tsiku ndi tsiku, koma iwo woyesa wawo alibe chifundo. Ine ndikalemba nkhani yosokonekera, aphunzitsi amandipatsa 55 n'kulemba kuti ndayesetsa. Injini ilibe malikisi a kuyesetsa. Ukalakwitsa imakuyalutsa pamsewu, anthu khumi ndi asanu ali m'kati, ena akuthamangira kuchipatala.

Ndikudziwa chomwe ena mukufuna kunena. Alipo amakanika akuba, osinthanitsa sipeya yatsopano ndi yakale, ongoyerekeza, otsala ndi mabawuti m'thumba n'kumati fakitale inaika ochuluka. Sindikukana. Koma alipo maloya odya ndalama za amasiye, ndipo sindinamvepo wina atalephera mayeso n'kunena kuti angokakhala loya. Kwa ovala taye timadzudzula munthu, kwa ovala ovolosi timanyoza ntchito yonse. Kumeneko si kuganiza, ndi tsankho lomwe tinalilandira osalifunsa, lakuti wophunzira ndi wokhala muofesi ndipo wakuda m'manja ndi wotsalira.

Komanso tisamadzichotse pamlandu wa ntchito yoipa. Ovaholo yoyamba ija inafa chifukwa chiyani? Ndinawafunsa bambo, ndipo anavomera okha. Makanika woyambayo anawauza kuti kiranki ikayezedwe, iwo n'kuyankha kuti, "Ingoikani maring'i ndi mabeyaring'i, galimoto ibwerere pamsewu Lolemba." Anagula sipeya yotchipitsitsa yomwe anaipeza. Sindikuwaweruza, fizi yanga inali itawakhala pakhosi. Koma tinalipira kawiri, ndipo minibasi inakhala masabata ena osagwira ntchito. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife timafuna makanika atimangire injini usiku umodzi, pamtengo wa matemba, ikafa n'kumati amakanika onse ndi mbava. Timalipira dokotala chifukwa chongotipima, koma makanika akati ndalama yofufuzira vuto, timamuyang'ana ngati wapenga. Munthu amene simumulipira kuti aganize mumamuphunzitsa kungoyerekeza.

Kunyozaku kuli ndi mtengo wake kudziko lonse. Magalimoto ambiri oyenda m'misewu yathu ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ochokera ku Japan, olowera pamadoko ngati la Dar es Salaam. Amafika atayenda kale mtunda wautali, n'kukumana ndi fumbi, maenje ndi katundu wopyola muyezo. Dziko lotere limakhalira luso lokonza. Injini iliyonse yomwe taitaya n'kuitanitsa ina kunja, pomwe ikanamangidwanso kuno, ndi ndalama zakunja zomwe tonse tikudziwa kuti n'zosowa. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo makoleji a ntchito zamanja ngati Soche, Nasawa ndi Lilongwe Technical alipo. Koma m'mabanja ambiri mwana amatumizidwako pokhapokha dzina lake likasowa pamndandanda wa osankhidwira kuyunivesite, ndipo amapita ngati wolira maliro. Chonsecho magalimoto atsopano ali ndi makompyuta ndi masensa ofuna mutu wakuthwa pa masamu ndi zamagetsi. Tikawopseza ana anzeru kuti asayandikire galaja, tidandaula chiyani magalaja akadzaza ndi ongoyerekeza?

Sindikunena kuti tonse tisiye mabuku. Ine digiri yangayi ndikuifuna ndipo ndiimaliza. Ndikupempha zinthu zazing'ono. Tsiku lomwe mudzagule kagalimoto kanu koyamba, injini ikadzafuna kutsegulidwa, mudzafunse makanika kuti wayeza chiyani ndipo wapeza manambala anji. Akakuyankhani, mulipireni osanyinyirika. Akati zoyeza n'zosafunika, kokani galimoto yanu mupite kwina. Mng'ono wanu akanena kuti akufuna umakanika, musamufunse kuti walakwa chiyani.

Tsiku lolizitsa injini, bambo anaima chapatali manja ali m'thumba, osayankhula. Madala anayamba aizunguza kaye kuti oyilo afike paliponse, kenaka inalira, mosalala, popanda kugogoda. Anatiuza kuti isasenze katundu wolemera masiku oyamba ndipo oyilo asinthidwe msanga. Fizi ya semesita ino inachokera pamenepo. Mesho wanga ndamuuza kuti tchuthi chikubwerachi ndimutengera kugalaja. Akakatha kubwezera mapisitoni anayi m'malo mwake osasokoneza, adzanenenso nthabwala yake ija.