Mfuti ya Simonov isiyeni mmene anaipangira

Mfuti ya SKS inapangidwa ndi Sergei Simonov, ndipo asilikali a Soviet Union anailandira mwalamulo mu 1949. Sinakhalitse patsogolo, poti AK-47 inaipitirira msanga. Koma inafalikira. Dziko la China linapanga mamiliyoni ake pansi pa dzina la Type 56, Yugoslavia nayo inapanga yake, ndipo inafika m'manja mwa omenyera ufulu kuno kummwera kwa Africa, kuphatikizapo a FRELIMO ku Mozambique. Imawomba chipolopolo chimodzi nthawi iliyonse munthu akakhethemula, kenaka imadzilowetsera yokha china. Magazini yake ndi yomangirira kumfuti, yosachotseka, ndipo imalowa zipolopolo 10.

Lero ambiri amene ali nayo mwalamulo ndi alenje ndi osunga zinthu zakale ku America ndi ku Canada. Ku America anthu amaigula n'kuyamba kuisintha: achotsa thabwa lokhazika paphewa n'kuikapo lapulasitiki lopindika, awonjezera chogwirira chonga cha pisitolo, achotsa magazini ya zipolopolo 10 n'kuikapo yochotseka ya 30. Ine ndikuti kumeneku n'kudziputira mlandu ndi ngozi popanda phindu lenileni.

Za mlanduzo zinayambira pa imfa za ana. Pa 17 January 1989 munthu wina anawombera ana pabwalo la sukulu ku Stockton, California, ndi mfuti yamtundu wa AK yochokera ku China, n'kupha asanu. Chaka chomwecho boma la George H. W. Bush linaletsa kulowetsa m'dziko mfuti zakunja zamaonekedwe ankhondo zomwe silinaziwone ngati zosakira nyama kapena zamasewera. Amalonda akanatha kuzembera lamulolo pobweretsa zidutswa n'kumalumikizira m'dziko momwemo, choncho mu 1990 nyumba ya malamulo inatseka mpatawo ndi gawo lotchedwa 922(r).

Gawo limeneli ndi lomwe limakola eni SKS. Bungwe la boma la America loona za mfuti, la ATF, lili ndi mndandanda wa ziwalo 20 za mfuti, monga mpope, chokhethemulira, thabwa la paphewa ndi chogwirira. Munthu akasintha mfuti yakunja kuti ikhale yamtundu woletsedwa kulowa m'dziko, ziwalo zakunja za pamndandandawo zisapitirire 10. Magazini yokha imawerengedwa ngati ziwalo zitatu. Ndiye munthu amene wangoikapo thabwa lopindika Loweruka masana, ziwalo zina zonse zili za ku China kapena ku Russia, angapezeke kuti wapanga chinthu chimene lamulo likukaniza, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka zisanu m'ndende. Akadula mpope kufika pochepera mainchesi 16 osalembetsa, wagwa m'lamulo lina la 1934, lomwe chilango chake chimafika zaka 10. Pamwamba pa izi pali malamulo a zigawo: ku California, SKS ya magazini yochotseka inaikidwa pamndandanda wa mfuti zoletsedwa kuchokera mu 1989. Ndipo mfuti yomwe yapitirira zaka 50 imawerengedwa ngati chinthu chakale chosungidwa, koma ulemu umenewo umatha ikangosinthidwa kwambiri.

Ena amati lamulo la ziwalo 10 n'lopanda nzeru, chifukwa chogwirira chopangidwa ku America sichichepetsa ukali wa chipolopolo. Pamenepo ndikuwamva. Komabe lamulo losamveka bwino limamanga munthu chimodzimodzi ndi lomveka bwino, ndipo sindiiwala kuti linabadwira pamanda a ana asanu.

Tisiye za khoti, tione mfutiyo. Simonov anaipanga kuti magazini yake yomangirira ija izipereka chipolopolo pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Magazini zambiri zogula padera sizikhala bwino, ndipo eni ake amadandaula kuti mfuti yomwe sinkakakamira yayamba kukakamira. Ena amamangirira galasi loonera patali pachivundikiro chakumbuyo, chomwe chimagwedera mfuti ikalira, choncho mlenje amene analinga bwino m'mawa amaphonya madzulo, kapena choipa koposa, amavulaza nyama n'kuisiya ikukafera kuthengo. Mtengo wake nawonso umatsika. Osunga zakale amafuna mfuti yomwe manambala a ziwalo zake akufanana, thabwa lake lili lomwelo. Kuivula zimenezi kuli ngati kuchotsa malata olimba panyumba ya makolo n'kufolera pepala lonyezimira.

Ntchito imene SKS yakale imafunadi ndi yosaoneka ndi maso a anzako. M'zambiri mwa mfutizi kachitsulo komenya chipolopolo kalibe sipuling'i yokabwezera mmbuyo. Kamangoyenda momasuka m'kanjira kake. Mfutizi zinakhala zaka zambiri m'nkhokwe za asilikali zitapakidwa girizi wokhuthala woteteza dzimbiri. Girizi ameneyu akauma m'kanjirako, kachitsulo kaja kamatha kukakamira kutsogolo, ndipo mfuti imalira yokha pongolowetsa chipolopolo, nthawi zina mpaka magazini yonse kutha munthu asanakhethemule. Wogula SKS apite nayo kaye kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka kuti aiyeretse ndi kuiyesa. Zipolopolo zakale zankhondo nazo zambiri zimasiya mchere wodya chitsulo mumpope, choncho kutsuka tsiku lomwelo n'kofunika.

Ku Canada lamulo limalola zipolopolo zisanu zokha m'magazini ya mfuti yotere, ndipo alenje ambiri, makamaka a mitundu ya eni nthaka, amasakirabe nayo nyama mmene ilili. Boma litafuna kuiika pamndandanda wa zoletsedwa kudzera m'zosintha za bilu ya C-21 mu November 2022, alenje ndi atsogoleri a mitunduyo anakana mwamphamvu, ndipo boma linabweza zosinthazo mu February 2023. Chimene ankateteza chinali mfuti yathabwa, ya zipolopolo zisanu, yodyetsa banja m'nyengo yozizira, ndipo mfundo imeneyo ikanavuta kuiimirira akanakhala kuti anaisandutsa kale yooneka ngati yankhondo yamakono.