Kuchoka ku Malosa kukafika ku Karonga, tsiku limodzi silikwana

Munthu wa ku Malosa amene waitanidwa ku ukwati ku Karonga akayang'ana mapu pafoni amaona ngati nkhani yatha: makilomita oposa 800, kulawira tambala woyamba, kukagona konko. Madalaivala ouzolowera msewuwu akamva zotere amangopukusa mutu, kenako amafunsa zitatu: mafuta ali kuti, mdima ukakupezerani pati, nanga mvula yagwa bwanji kunyanja?

Chigawo choyamba sichivuta. Msewu wa M3 umatsetsereka kuchoka m'munsi mwa phiri la Malosa mpaka ku Liwonde, kuwoloka Shire pa Kamuzu Barrage, kenako M8 n'kukakutulani ku Balaka. Kupitirira pamenepo ndi pomwe pamafunika kusankha pakati pa M1 ndi M5.

Wotsata M1 asaiwale ndalama yapadera m'thumba, chifukwa pali zipata ziwiri zolipiritsa: cha pa Chingeni, chimene chidatsegulidwa mu 2021, ndi cha pa Kalinyeke ku Dedza, cha mu 2022. Pa Lizulu, pomwe msewu umayenda m'malire ndi Mozambique, palibe galimoto yothamanga; anthu, njinga ndi milu ya kabichi, tomato ndi mbatatesi zimafika m'mphepete mwenimweni mwa phula. Lilongwe nayo imadya nthawi yake, makamaka kwa wolowa mumzinda anthu akuweruka. Kenako Mponela, Kasungu, Jenda, n'kukwera ku Chikangawa, komwe chifunga cha mu Juni ndi Julayi chimatha kubisa lole imene ili patsogolo panu pomwepo.

M5, wa m'mbali mwa nyanja, ndi wokoma m'maso: Golomoti, Salima, Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay. Koma malo ena ndi wopapatiza, milatho ina njodutsa galimoto imodzi, ndipo mitsinje yotsika m'mapiri imaudula nthawi ya dzinja. Madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 adaononga msewuwu ku Dwangwa. Wofuna kudzera kumeneko mvula ili mkati ayambe waimbira foni wina amene wadutsako dzulo lake.

Nkhani ya mafuta ndiye yasintha kayendedwe ka aliyense. Chiyambire 2022, mizere ya pomwetsera mafuta imabwera n'kupita osatsanzika. Ochenjera amathira paliponse pomwe apeza, ngakhale thanki ikadali pakati, poti amene wadumpha Kasungu podalira za kutsogolo atha kukagona pamzere kapena kugula a m'zigubu pamtengo wolira nawo.

Misewu iwiriyi imakumana ku Mzuzu, ndipo apa mpoyenera kugona. Chifukwa chake ndi Chiweta. Msewu umatsika phiri mokhotakhota kulunjika kunyanja, ukupatsana mpata ndi malole a malasha komanso matanka a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, amene amakwera mokwawa. Potsika potere pamafunika giya yaing'ono, mabuleki oonedwa ndi makaniko ulendo usanayambe, ndi maso amene agona tulo. Wofika pamenepa usiku, atagwira chiwongolero kuyambira ku Malosa, alibe chachitatucho.

Zotsalazo n'zapakhomo: tayala la sipeya lopopa, jeke, madzi, ndi mapepala a inshuwalansi ndi COF osatha masiku, chifukwa apolisi apamsewu adzawafunsa kangapo. Ngati ukwati uli Loweruka, galimoto ituluke pa Malosa Lachinayi m'mawa, Lachisanu itsike Chiweta dzuwa litatuluka, masana ikhale ili ku Karonga.