Maikolofoni isakhudze tebulo

Aphunzitsi anzanga amene mumajambula maphunziro kuti ana azimvera pa foni, "gu-gu-gu" amene amamveka m'mawu anu si chifukwa choti maikolofoni ndi yotsika mtengo. Vuto ndi tebulo. Phokoso limayenda msanga m'thabwa ndi m'chitsulo kuposa mumpweya, zomwe timaphunzitsa tokha m'kalasi. Chigongono chikangogunda tebulo, mwana wa Folomu 4 amamva bingu m'malo mwa phunziro, bandulo yake n'kupita pachabe.

Ine ndinadula paipi yotakata ya pulasitiki, yotalika masentimita 10, n'kuboola mabowo anayi mbali iliyonse. M'mabowomo ndinapisamo timizere ta chubu chakutha cha njinga, topyapyala ngati malegeni, n'kutipingasa. Maikolofoni imalendewera pakati pa mphirazo osakhudza paipi, ndipo paipiyo ndi imene ndimamangirira pa ndodo.

Pofunika kusamala ndi pokoka mphira. Mukakoka kwambiri, kugwedezeka kumadutsa ngati kale. Mukalekerera, maikolofoni imagonera paipi. Waya nawonso musaukunge, chifukwa umanyamula phokoso lomwelo.

Tambala wa aneba ndi mvula ya pa malata, izo mphira alibe nazo mphamvu. Ine ndimajambula ana akaweruka, kunja kuli zii.