Kabawuti Kotulutsira Mpweya M'mabuleki

Kuseri kwa gudumu lililonse la galimoto kuli kabawuti kakang'ono, kafupi kuposa chala, kamene ambiri a ife okwera galimoto sitinakaonepo n'kamodzi komwe. Kabawuti kameneka n'kobooka m'kati, ndipo ntchito yake ndiyo kutulutsa mpweya m'mabuleki. Ine ndikuti, anzanga ndi inu aphunzitsi athu, kachitsulo kameneka sikayenera kugulidwa poyerekeza ndi maso chabe, makamaka galimoto ikakhala yakale, ndipo munthu amene amati "bola kalowe" akuseweretsa miyoyo ya anthu amene wawanyamula.

Tonse tinaphunzira m'sayansi za Blaise Pascal wa ku France, amene anaonetsa kuti ukapanikiza madzi otsekeredwa, mphamvuyo imafika mbali zonse mofanana. Mabuleki a mafuta amayendera lamulo lomwelo. Woyendetsa akaponda chopondera, mafuta amakankhidwa m'timapaipi kufikira ku masilinda a ku magudumu onse anayi. Mafuta safinyika, koma mpweya umafinyika. Chotero mpweya ukalowa m'mapaipimo, phazi limangomira pansi ngati waponda matope, galimoto ikupitabe. Kuti mpweyawo uchoke, makaniko amamasula kabawuti kaja pang'ono, mnzake akuponda, kufikira mafuta atuluka opanda thovu, ndipo pamenepo amakamanganso.

Tsono vuto la galimoto yakale ndi dzimbiri. Mafuta a mabuleki ofala, monga DOT 3 ndi DOT 4, amayamwa chinyezi, ndipo kunjako kabawutiko kamakhala m'matope dzinja lililonse. Pakapita zaka kamagwirana ndi silinda, mutu wake nkuperepeseka, kapena kamaduka kumene pomasula, pakuti chitsulo chobooka m'kati sichilimba ngati bawuti wamba. Apa ndi pamene ulendo wofuna kena umayambira, ndipo ndi pamenenso anthu amasokera.

Chinthu choyamba chimene ambiri sadziwa ndi chakuti mazinga si amene amatseka mafuta. Chimene chimatseka ndi nsonga ya kabawutiko, yosongoka ngati pensulo yosoledwa, imene imakakhala pa kamalo kake pansi pa dzenje la m'silinda. Mazinga ntchito yake ndi kungokankhira nsongayo pamalopo. Nchifukwa chake bawuti wamba wa m'bokosi sangathe kulowa m'malo mwake ngakhale mazinga atafanana, ndipo kabawuti kafupi kamene nsonga yake sifika pansi kadzadontha ngakhale mutakamanga ndi mphamvu zanu zonse.

Chachiwiri ndi miyeso, ndipo apa ndipempha anzanga okonda masamu atchere khutu. Magalimoto a ku Britain amene anadzaza m'misewu ya kuno kale, monga Morris Minor imene inapangidwa kuyambira 1948 kufikira 1971, ndi Land Rover zoyambirira, anali ndi mabuleki a Lockheed kapena a Girling, ndipo miyeso yake inali ya mainchi. Muyeso wofala pakati pawo unali 3/8 ya inchi, wa mazinga 24 pa inchi imodzi, wotchedwa UNF, ngakhale kuti ena akale ndithu anali ndi mazinga a mtundu wina otchedwa BSF. Magalimoto a ku Japan, ku France ndi ku Germany amayezedwa m'mamilimita, ndipo tibawuti tawo timakhala ta mamilimita 7, 8 kapena 10 m'mimba mwake.

Tiyeni tiwerengere. Inchi ndi mamilimita 25.4, kotero 3/8 ya inchi ndi mamilimita 9.5 ndi kanthu pang'ono. Mazinga 24 pa inchi ndiye kuti kuchokera pa zinga lina kufika pa linzake pali milimita 1.06. Kabawuti ka mamilimita 10 kofala kali ndi mazinga otalikirana milimita imodzi yokha. Nanga ndi diso la yani lingaone kusiyana kumeneku pa thebulo la wogulitsa? Ka mainchi kaja mukakaika m'dzenje la mamilimita 10 kamalowa bwino lomwe, ndipo kamaoneka ngati kamangika. Koma n'kocheperapo ndi theka la milimita, ndipo mazinga agwirana ndi nsonga zokha. Tsiku limene woyendetsa adzaponde mwamphamvu, mwana atadutsa pamsewu, ndilo tsiku limene mazingawo angathe kupululuka.

Tisaiwalenso kuti magalimoto ambiri a zaka zimenezo ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta ya magudumu onse. A masiku ano ali ndi njira ziwiri, kuti ina ikadontha inzake igwirebe. Pa Morris Minor mafuta akathawira pa gudumu limodzi, ndiye kuti mabuleki onse a phazi atha, kwatsala a dzanja okha. Amene anatsikapo msewu wa ku phiri la Zomba, kapena wochokera ku Blantyre kunka ku Chikwawa, akudziwa tanthauzo lake.

Ena adzati, mwana wa sukulu iwe, ukulankhula chifukwa suli ndi galimoto, zipangizo za magalimoto otere sizipezekanso ndipo ndalama ndi zosowa. Inde, ndalama ndi zosowa, ndipo amakaniko athu a m'mbali mwa msewu ayenera ulemu pakuti amaukitsa magalimoto amene kwawo komwe anawataya kale. Koma zakuti tibawuti sitipezeka sindivomera msanga. Tibawuti timeneti sitinapangidwire galimoto imodzi imodzi, miyeso yake ndi yowerengeka ndipo imabwerezedwa pa magalimoto ambirimbiri. Munthu akalowa m'sitolo nkutchula dzina la galimoto ya agogo ake, wogulitsa amapukusa mutu. Akadatchula muyeso, mwina wogulitsa yemweyo akadakapeza m'kabati. Ndiponso dzina la galimoto limanamiza, pakuti pa zaka 50 kapena 60 masilinda angakhale atasinthidwa kangapo, gudumu lina la mainchi, lina la mamilimita.

Choyenera tsono ndi kunyamula kabawuti kakaleko, kapena silinda yonse ngati kadukira m'kati, nkuyerekeza kukula kwake, mazinga ake, utali wake ndi kasongokedwe ka nsonga yake. Katsopanoko kalowe ndi zala kufikira pansi, kosagwedera ndiponso kosakakamiza. Kotola pa galimoto yakufa ndi kabwino kuyezera, koma kuikapo ai, popeza nsonga yake inadyeka kale. Ngati mazinga a m'silinda ndiwo atha, palibe kabawuti kamene kangathandize, silindayo isinthidwe basi.

Pomanga pafunika sipanala yozungulira mutu wonse, osati chopanira, ndipo pafunika dzanja lofatsa, pakuti kumangitsa ndiko kumadula tambiri. Pamwamba pake pavekedwe kachipewa kamphira kamene kamatsekereza madzi ndi fumbi kuti zisalowe m'bowomo. Ku kalabu yathu ya sayansi ndipempha kuti tikhale ndi kachipangizo koyezera mazinga, ka mainchi ndi ka mamilimita, kuti a Fomu 1 omwe agwire tibawuti tiwiriti ndi manja awo, ayeze okha, ndipo alembe m'kope kusiyana kwake.